Nkhalamba Sindiyo Idaboola Thumba la Boma

Pali mawu amene akumveka kawirikawiri masiku ano pa wailesi ndi m'misonkhano ya anthu ophunzira, ndipo afika kale ngakhale m'misika yathu, ku Furancungo, ku Chidzolomondo, ku Ntengo-wa-Mbalame. Akuti anthu azolowera kudalira boma. Akuti okalamba akuculuka pa dziko lonse lapansi, ndipo thumba la boma silingathe kuwasenza onse. Mawuwa amanenedwa mofatsa, ndi manambala pambali pake, mwakuti womva amaopa kutsutsa kuti angaoneke mbuli. Mapeto ake gogo amene wadikira ndalama zake za INAS kwa miyezi yambiri amayamba kudziona ngati wopalamula, ngati kuti kukhalitsa ndi moyo ndi mlandu.

Nkhani ino ikutsutsa zimenezo, ndipo ikutsutsa ndi manambala omwewo. Ife a m'malire timadziwa kuti nambala imadalira sikelo. Tidaona ogula cimanga akubwera ndi ndowa yofutukula pansi, tidaona ogula mbatata akubwera ndi thumba losokerera mutu. Munthu akakuuza kuti katundu wako wakwana makilo akutiakuti, umayamba wafunsa za sikelo yake. Tiyeni tsono tiifunse sikelo imene akuyezera makolo athu.

Mmene amayezera

Akatswiri a zacuma amagawa anthu a dziko m'magulu atatu. Ana osakwana zaka 15 amawaika mbali imodzi. Anthu a zaka 15 mpaka 64 amawaika pakati, nanena kuti amenewa ndiwo ogwira nchito. Anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo amawaika mbali ina. Akatero amaphatikiza ana ndi okalamba, nati onsewa ndi odalira anzawo, kenako amaona kuti pa anthu 100 a msinkhu wogwira nchito pali odalira angati.

Kalembera wa anthu wa 2017 adapeza kuti m'Mozambique muli anthu pafupifupi 27.9 miliyoni. Atagawa motere, zidaoneka kuti pa anthu 100 aliwonse a msinkhu wogwira nchito pali odalira pafupifupi 100. Nambala imeneyi ndi yaikulu ndithu, ndipo amene akufuna kukuopsezani amaimira pomwepo. Koma tsegulani thumbalo muone zam'kati. Pa anthu 100 aliwonse a dziko lino, pafupifupi 47 adali ana osakwana zaka 15. Okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo adali atatu okha ndi kacidutswa. Ndiye kuti pa odalira 100 aja, oposa 90 ndi ana, ndipo nkhalamba sizifika ngakhale 10.

Safunika kalembera kuti muone zimenezi. Imani pa cigayo ca ku Chidzolomondo tsiku la msika muwerenge imvi, kenako muwerenge ana obelekedwa kumbuyo ndi oyenda okha. Dziko lathu ndi la ana. Amene akunena kuti boma likulemedwa ndi okalamba akunena za dziko lina.

Mantha obwereka

Dziko linalo lilipodi. Ku Japan anthu pafupifupi 29 pa 100 aliwonse ali ndi zaka 65 kapena kuposa. Ku Portugal kalembera wa 2021 adapeza kuti ndi oposa 23 pa 100. Kumeneko mabanja amabereka mwana mmodzi kapena awiri, anthu amakhala ndi moyo mpaka zaka 80, ndipo pafupifupi wokalamba aliyense amalandira penshoni mwezi ndi mwezi. Penshoniyo imalipidwa ndi ndalama zimene ogwira nchito a lero akudulidwa pa malipiro awo. Ogwira nchito akamacepa, olandira akamaculuka, nkhawa yawo imakhala yoona. N'cifukwa cake mu 2023 boma la France lidakweza msinkhu wopumira nchito kucoka pa zaka 62 kufika pa 64, anthu n'kudzaza m'misewu kwa miyezi.

Kuno mkazi amabereka ana asanu tikatenga pakatikati, monga adaonetsera kalembera yemwe uja wa 2017. Okalamba ndi ocepa, ndipo ambiri mwa ocepawo salandira penshoni ya mtundu uliwonse. Kutenga nkhawa ya ku Japan n'kuiveka gogo wa ku Tsangano kuli ngati kumwetsa mankhwala a kunenepa munthu wodwala njala. Ophunzira athu ena amawerenga malipoti olembedwera mayiko a kutali, naloweza mawu ake, nabwera kudzawalankhula kuno osaona ngati akukwana. Cobwereka sicikwana thupi, ngakhale citakhala cokongola.

Ndani akudalira mnzake?

Sikelo ija ili ndi vuto lina. Imati munthu akangokwanitsa zaka 65 waika khasu pansi, ndipo aliyense wa zaka 15 mpaka 64 akugwira nchito yobweretsa cakudya. Mwina mu ofesi zimatero. M'mudzi mwathu ndani adaona mayi wa zaka 68 atakhala pakhonde mwezi wa Disembala, mvula itagwa, cifukwa coti wakwanitsa zaka? Amalima mpaka tsiku limene msana udzakane. Amapalira, amakolola nyemba, amatong'ola cimanga, amasoka fodya m'cigafa, amaweta nkhuku ndi mbuzi, amapita ku ganyu mwezi wa Janyuwale kuti adzukulu adye.

Adzukulu amenewo ndiwo nkhani yaikulu imene sikelo siiona. Matenda a Edzi adatenga anthu a msinkhu wa pakati, amene sikelo imati ndiwo osenza dziko, n'kusiya ana m'manja mwa agogo. Ena amoyo ali ku Tete, ku Moatize, ku Lilongwe, ku Joni, ndipo ana awo adawasiya kumudzi. Nyumba zambiri pano mutu wake ndi nkhalamba. Ndiyo imadzutsa mwana kuti apite ku sukulu, ndiyo imamubereka kupita naye ku cipatala usiku malungo akamugwira. Boma likadati lilembe anthu olera ana onsewa ndi kuwalipira malipiro, bwenzi likudziwa mtengo wa gogo. Pa pepala la akatswiri mnyamata wa zaka 24 amene amaswera pa bawo akulembedwa kuti ndi wosenza, ndipo gogo amene amamuphikira nsima akulembedwa kuti ndi wosenzedwa. Sikelo yotere tikadaipeza pa msika bwenzi titaitanira nyakwawa.

Kodi amalandira zingati?

Tsopano tione katundu amene akuti akuthyola msana wa boma. Thandizo la ndalama kwa anthu ovutika lidayamba mu 1990, nkhondo ili m'kati, ndipo poyamba lidali la m'mizinda mokha. Bungwe la INAS lidakhazikitsidwa mu 1997, thandizolo n'kumafalikira pang'onopang'ono m'maboma. Lero dzina lake ndi Programa de Subsídio Social Básico, mwacidule PSSB, ndipo ambiri mwa olandira ndi okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo amene alibe wowathandiza. Sikuti wokalamba aliyense amalandira ayi. Amacita kusankha, ndipo otsala kunja kwa kaundula ndi ambiri.

Mu 2018 boma lidaika kuti munthu wokhala yekha azilandira mametikali 540 pa mwezi, ndipo nyumba ya anthu asanu kapena kuposa izilandira 1,000. Zaka zingapo zidatsatira nambalayi ili pomwepo, pamene mtengo wa sopo, mafuta, feteleza ndi galimoto yopita ku Tete unkakwera. Mametikali 540 pa mwezi ndi mametikali 18 pa tsiku. Mu 2023 malipiro otsikitsitsa amene lamulo limalola kwa munthu wogwira nchito ya ulimi adali mametikali 5,800 pa mwezi. Ndalama ya gogo sidafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro a munthu wolipidwa mocepetsetsa m'dziko muno.

Ndipo kandalama komweko sikafika mwezi ndi mwezi. M'zaka za 2023 ndi 2024 nkhani ya kucedwa kwa malipiro a PSSB idamveka m'zigawo zonse za dziko, anthu akudikira miyezi yambirimbiri. Munthu sungamunene kuti wazolowera kudalira cinthu cimene sadziwa tsiku limene cidzabwere. Gogo wa kuno amadalira munda wake, dimba lake ndi acibale ake. Akadakhala kuti amadalira boma, bwenzi titamuika kale m'manda.

Tiwerengere limodzi. Mametikali 540 kwa miyezi 12 ndi 6,480 pa caka. Okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo adali ocepera pang'ono miliyoni imodzi mu 2017. Tingoti miliyoni yathunthu. Kuwapatsa onse, popanda kusankha, kungadye mametikali pafupifupi 6.5 biliyoni pa caka. Bajeti ya boma ya 2023 idali yoposa mametikali 450 biliyoni. Ndiye kuti pa mametikali 100 aliwonse amene boma limagwiritsa nchito, okalamba onse a dziko lino sangatenge ngakhale awiri. Mutawirikiza ndalamayo kawiri, sangafike pa atatu.

Pamene padabooka

Thumba la boma ndi lobookadi, zimenezo sitikukana. Koma bowo lake tikulidziwa malo ake, caka cake ndi mayina ake. M'zaka za 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, Proindicus, EMATUM ndi MAM, adakongola ndalama zoposa madola 2 biliyoni kudzera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Boma lidasainira kuti lidzabweza, Nyumba ya Malamulo isadavomereze monga lamulo limafunira. Ankati ndi zogulira zombo zophera nsomba ndi zotetezera nyanja. Zombo za nsombazo zidangokhala pa doko la Maputo n'kumacita dzimbiri.

Cinsinsi cidaululika mu Epulo 2016. Bungwe la FMI ndi mayiko amene ankathira ndalama mu bajeti yathu adatseka mpopi. Metikali idagwa: kumayambiriro kwa caka cimeneco dola imodzi inkagulidwa ndi mametikali pafupifupi 45, koma pofika Okutobala inkayandikira 80. Mitengo ya zinthu idakwera ndi pafupifupi 25 pa 100 m'caka cimodzi. Amene adamva kuwawa koyamba ndi wogula mcere wa pa mbale ndi parafini wa m'kabotolo. Mu Disembala 2022 khoti la ku Maputo lidagamula anthu 11 pa mlandu umenewu, mmodzi wa iwo Ndambi Guebuza, mwana wa mtsogoleri wakale wa dziko, amene adapatsidwa zaka 12. Manuel Chang, amene adali nduna ya zacuma nthawi ya ngongoleyo, adamangidwa ku South Africa mu Disembala 2018, ndipo khoti la ku New York lidamupeza wolakwa mu Ogasiti 2024.

Ikani tsono zinthu ziwirizi pa sikelo imodzi. Mametikali 6,480 a gogo pa caka ndi madola pafupifupi 100. Madola 2 biliyoni akadakwana kulipira okalamba miliyoni imodzi kwa zaka 20. Anthu owerengeka, ovala masuti, adameza m'zaka ziwiri cimene nkhalamba zonse za dziko lino zikadadya kwa m'badwo wathunthu. Pa mndandanda wa oimbidwa mlandu padalibe gogo ndi mmodzi yemwe wa ku Macanga.

Palinso kulemera kwina. Mu 2022 boma lidayambitsa ndondomeko yatsopano ya malipiro a anchito ake, ya TSU, ndipo ndalama zolipira anchitowo zidakwera kuposa mmene lidawerengera. Mphunzitsi wa pa sukulu ya m'mudzi ndi namwino wa pa cipatala caching'ono ayenera kulipidwa bwino, ndipo ife sitiwacitira nsanje. Koma coona n'cakuti malipiro ndi kubweza ngongole ndizo zimatenga gawo lalikulu kwambiri la misonkho ya dziko. Amene akufunadi kudziwa ngati thumba la boma lingapirire ayambire pamenepo. Kuyambira pa mametikali 540 ndi kusesa pabwalo nyumba ikupsa.

Mawu oti kudalira nawonso tiwatembenuze. M'zaka za m'ma 2000, pafupifupi theka la bajeti ya Mozambique linkacokera kunja. Boma lenilenilo lidakhala zaka zambiri likudikira thandizo la ena, ndipo palibe adalinena kuti ndi laulesi. Ankati ndi mgwirizano wa citukuko. Wamkulu akalandira mabiliyoni amati mgwirizano, wamng'ono akalandira 540 amati kudalira.

Adalipira kale

Ena amati: wogwira nchito ya pa kampani amadulidwa ndalama ku INSS, 3 pa 100 ya malipiro ake, bwana wake n'kuonjezera 4, ndiye akakalamba amadya zake. Nanga mlimi adasonkha ciyani?

Adasonkha zambiri. Tengani munthu amene adabadwa mu 1955 kuno ku Macanga kapena ku Tsangano. Adakula akuona bambo ake akuthamangitsidwa cifukwa ca msonkho wa nyumba wa Apwitikizi, ena akugwidwa cibalo, ena akuthawira m'mafamu a ku Rhodesia ndi ku Nyasaland kukafuna ndalama ya msonkhowo. Adali ndi zaka 13 pamene nkhondo ya ufulu idalowa m'cigawo ca Tete mu 1968. Adali ndi zaka 20 pa 25 Juni 1975. Zaka zake za mphamvu zidathera m'nkhondo yaciwiri, ndipo mwina adali mmodzi mwa anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene adathawira ku Malawi, ambiri a kuno n'kukhala ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Lilongwe. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 adali ndi zaka 37. Adabwerera napeza nyumba zitagwa, minda itamera mitengo, ng'ombe kulibe. Adagwira nkhwangwa ndi khasu nayambanso. Midzi imene tikukhalamo lero, minda ya mbatata ndi tirigu ya ku Tsangano, fodya wa ku Macanga amene amakathera ku fakitale ya ku Tete n'kubweretsa madola m'dziko, zonsezi zidadzuka ndi manja a anthu amenewa. Ndi nthawi iti imene akadalembetsa ku INSS, ndipo ndi bwana uti akadawaonjezera 4 pa 100?

Mpaka lero akusonkhabe. Msonkho wa IVA, umene kuyambira mu 2023 uli pa 16 pa 100, umabisala mu mtengo wa katundu wa m'sitolo. Gogo akagula nsalu, mabatire, poto, lata la padenga kapena mayunitsi a foni, boma limatengapo gawo lake osafunsa zaka zake. Palibe amamupatsa lisiti lolembedwa dzina lake, n'cifukwa cake pa pepala amaoneka ngati sadasonkhepo.

Ndipo nkhaniyi si ya cifundo cabe. Malamulo aakulu a dziko a 2004, pa ndime 95 ndi 124, amanena kuti nzika ili ndi ufulu wothandizidwa ikakalamba ndipo okalamba ayenera kutetezedwa mwapadera. Lamulo nambala 3 la 2014 lidalembedwa makamaka pofuna kuteteza ufulu wa munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo. Cimene lamulo lakupatsa si mphatso ya cipani kapena ya mkulu wina aliyense. Gogo akalandira 540 sayenera kugwada, ndipo pa nthawi ya cisankho palibe amene ayenera kumuuza kuti akavota molakwika dzina lake lidzafufutidwa.

Anzathu adacita bwanji?

Amene amati dziko losauka silingathe, ayang'ane kwa anansi. Botswana idayamba kupereka penshoni kwa okalamba onse a zaka 65 mu 1996. Muti Botswana ili ndi miyala ya dayamondi. Nanga Lesotho, kadziko ka m'mapiri kosauka, kamene mu 2004 kadayamba kulipira aliyense wa zaka 70 kupita m'tsogolo ndi ndalama za m'thumba lake? Zanzibar idacita cimodzimodzi mu 2016. Ku Katete, ku Zambia, kumene Acewa a mayiko atatu timakakumana pa mwambo wa Kulamba, kudayesedwa mu 2007 ndondomeko yopatsa ndalama wokalamba aliyense wa zaka 60 m'madera ena a bomalo. Mayiko amenewa sadagwe cifukwa ca nkhalamba.

Ubwino wopatsa onse ofika msinkhu ndi woti mkangano wa kaundula umatha. Kusankha wosauka pakati pa osauka ndi nchito imene imadanitsa anthu. Permanente wa INAS ndi nyakwawa amapatsidwa malo ocepa m'mudzi wa ovutika ambiri, ndipo ngakhale atasankha mwacilungamo, wotsala amati adakondera m'bale wake. Zaka sizifuna komiti, zimangofuna bilyeti.

Tsidya lino la Malawi likutiphunzitsanso cina. Mtukula Pakhomo, umene udayambira ku Mchinji mu 2006, wathandiza mabanja ambiri, koma ndalama zake zambiri zimacokera kwa opereka thandizo a kunja. Mwini ndalama akatembenuka, wolandira amagona ndi njala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Thandizo la okalamba liyenera kukhala pa misonkho yathu, ndipo cigawo cimene cili ndi malasha a Moatize ndi magetsi a Cahora Bassa sicinganene kuti mametikali 18 pa tsiku acilemera.

Gawo loona la nkhawa yawo

Pali cinthu cimodzi cimene akatswiri akunena zoona, ndipo tisacithawe. Ukalamba wa dziko ukubwera. Ana osakwana zaka 15 amene adawerengedwa mu 2017 adali pafupifupi 13 miliyoni. Amene adzakhale ndi moyo adzakwanitsa zaka 60 pakati pa 2062 ndi 2077. Nthawi imeneyo okalamba adzakhala ambiri kuposa kale lonse, ndipo mabanja adzakhala ndi ana ocepa owasamalira. Ngati ana amenewa adzakule monga tikukulira ife, kulima ndi khasu, kugulitsa pa mtengo wa wogula, osasunga kalikonse, thumba la boma lidzalemedwadi.

Koma onani kumene nkhawa imeneyi ikuloza. Ikuloza kwa mwana amene lero akuphunzirira pansi pa mtengo, kwa mtsikana amene akukwatiwa ali ndi zaka 15, kwa mnyamata amene watsiriza kalasi 12 n'kusowa cocita. Thumba la boma la mu 2070 lidzadzazidwa kapena kusiyidwa lopanda kanthu ndi anthu amenewa. Kumana gogo wa lero sikuonjezera ngakhale metikali imodzi m'thumba la nthawi imeneyo. Kumangocepetsa phala la mdzukulu amene akuleredwa ndi gogoyo, yemwe ndiye wokhoma msonkho wa mawa.

INSS imalola munthu wodzilemba yekha nchito kuti alembetse ndi kumasonkha 7 pa 100. Koma mlimi wa fodya kapena wa mbatata amaona ndalama kamodzi kapena kawiri pa caka. Njira yosonkha iyenera kutsata nyengo yake, alipire pa nthawi yogulitsa, ndipo anthu a INSS afike ku Furancungo ndi ku Tsangano m'miyezi ya msika kudzafotokoza m'cilankhulo cathu. Kampani yogula fodya imadziwa dzina la mlimi aliyense, munda wake ndi makilo ake, cifukwa imafuna kubwezedwa ngongole ya feteleza. Ngati kaundula wa ngongole amatheka, wa ukalamba nawo angatheke.

Nafenso tili ndi mlandu

Tisaloze cala ku Maputo kokha. Pakati pathu pali ana amene adasiya ana awo kwa amayi awo n'kupita ku tauni, ndipo caka cimatha osatumiza ngakhale mametikali 100 pa M-Pesa. Pali adzukulu amene tsiku la malipiro a INAS amaperekeza gogo mwaulemu wonse, pobwerera n'kumulanda. Pali midzi imene mwana akamwalira ndi malungo, maso onse amatembenukira kwa nkhalamba ya maso ofiira ndi utsi wa kukhichini, n'kuinena kuti ndi mfiti, ena mpaka kuimenya kapena kuitenthera nyumba. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma ife tomwe tikuyatsa dambolo. Mudzi umene umazunza okalamba ake ulibe pakamwa pofunsira boma.

Vuto lina ndi la ife a m'malire. Okalamba ambiri alibe bilyeti. Mapepala awo adapsa pa nkhondo kapena sadalembedwepo n'komwe, ndipo cifukwa adakhala zaka ku Malawi ndipo amalankhula monga a ku Dedza, wina amangoti ameneyu ndi Mmalawi. Munthu wopanda pepala salowa m'kaundula, salowanso m'ciwerengero ca ovutika. Inu ana ophunzira, inu aphunzitsi, inu atsogoleri a mipingo, tengani makolo amenewa mupite nawo kukalembetsa, ndipo a nyakwawa acitire umboni anthu awo.

Muyezo wathu

Popeza akufuna kuyeza, tiyeni tiyeze nafenso, ndi sikelo yoonekera kwa onse. M'lokalidade iliyonse muli bwalo la Conselho Consultivo, ndipo lamulo nambala 34 la 2014 limapatsa nzika ufulu wofunsa boma za mmene zinthu za anthu onse zikuyendera. Amene mumakhala m'mabwalo amenewa, mukafunse manambala anayi, alembedwe pa pepala ndi kukhomedwa pa khomo la ofesi ya lokalidade. Yoyamba: m'dera lino muli anthu angati a zaka 60 kupita m'tsogolo? Yaciwiri: mwa amenewo, ali m'kaundula wa PSSB ndi angati? Yacitatu: pa miyezi 12 ya caka catha, idalipidwa ndi ingati, ndipo yotsalayo idzalipidwa liti? Yacinayi: ndalama ya mwezi umodzi ikugula malata angati a cimanga mwezi wa Febuluwale poyerekeza ndi mu 2018?

Kwa aphungu amene cigawo ca Tete cidatumiza ku Nyumba ya Malamulo tikupempha zitatu. Ndalama za okalamba zizilipidwa pa tsiku lodziwika, monga amalipidwira malipiro a nduna. Zizikwera pamodzi ndi mitengo ya zinthu. Ndipo dziko liyambe ulendo wopatsa wokalamba aliyense popanda kusankha, ngakhale litayambira pa zaka 70 monga Lesotho n'kumatsika pang'onopang'ono.

Wina akadzabweranso pa msonkhano kudzakuuzani kuti nkhalamba zikulemera boma, musadzagwetse nkhope. Mudzamupatse mpando, mudzamulonjere bwino, kenako mudzamufunse kuti pa mametikali 100 a boma okalamba amatenga angati, ndipo ngongole ya 2013 imatenga angati. Akadzayankha ndi manambala oona, mudzakambirane naye. Akadzalephera, mudzamuuze kuti abwerenso ndi sikelo yabwino.